Kiyi wa Chipinda cha Kuseri

Anandisankha chifukwa ndinafika mochedwa.
Mvula ya ku Yogyakarta inanditsekereza pa mlatho,
ndipo pomwe ndinkalowa, nsapato zili kumanja,
mikono khumi ndi inayi inali kale m'mwamba.
"Wening, wapampando ndiwe."
Panalibe wina wofuna. Mayeso anali pakhomo.

Kalabu yathu inali yotola zinyalala mumtsinje wa Code:
ophunzira khumi ndi asanu, magolovesi osakwanira,
ndi kachipinda kuseri kwa laibulale
konunkha chinyontho ndi khofi wa dzana.
Anandiveka kiyi womangidwa pa chingwe cha nsapato,
nandipatsa kope lomwe chiswe chinali chitadya kale
mayina a oyambitsa.

Ndinkayesa utsogoleri ndi pakamwa.
Masiku atatu ndinaloweza zoyankhula pagalasi,
mwambi koyambirira, wina kumapeto.
Loweruka kunabwera anthu anayi.
Mmodzi anangodzabwereka chaja.

Tinatsikirabe kumtsinje.
Jumbo yokodwa pa muzu siimva mwambi,
imafuna msana wowerama.
Bambo Tukijan, omata matayala m'mbali mwa madziwo,
anatiyang'ana ndudu ili pakamwa:
"Inu mumabwera Loweruka ndi kamera.
Ife timagona pano.
Munafunsapo kuti galimoto yazinyalala inaleka liti kufika?"
Sindinalembe funsolo m'kope.
Linandilemba lokha pamphumi.

Kenako ndalama za basi zinasowa.
Ndinaloza Prasetyo, msungichuma, pamaso pa onse,
chala changa chili nji, mawu ali gwa.
Iye anangotola chikwama, natseka chitseko pang'onopang'ono,
kutseka kopweteka kuposa kumenyetsa.
Lachitatu envulopu ija inagwa
m'buku langa la kemisitiri, tsamba la ma asidi.

Ndinakwera masitepe a nyumba yomwe ankachita lendi.
Ndinamupeza akudya mpunga ndi tempe, osadzutsa mutu.
"Unandivula pagulu," anatero,
"ukandivekenso pagulu."
Ndinatero.
Mawondo ankagundana, lilime lili ngati chikopa chouma,
mwambi ndi umodzi womwe sunabwere kudzandithandiza.
Loweruka lotsatira tinalipo khumi ndi mmodzi.
Mpaka lero sindidziwa anawaitana ndani.

M'mawa wina phiri la Merapi linatsokomola,
phulusa lili mbuu pa madenga, pa mipando ya njinga zamoto.
Makalasi anatsekedwa. Tinali ndi makatoni awiri a mamasiki
ndi mapu omwe ndinajambula ndekha, olakwika.
Larasati, mtsikana wa chaka choyamba
yemwe mawu ake tinali tisanawamvepo,
anakweza kadzanja kufika pa phewa pokha:
"Kanjira ka kuseri kwa mzikiti kuli nkhalamba zisanu.
Imodzi ili ndi mphumu."
Onse anatembenukira kwa ine.
Ine ndinapinda mapu anga, ndinayenda pambuyo pake,
katoni ili pamutu.

Chaka chinatha opanda chikho, opanda chithunzi m'nyuzipepala.
Kalata yathu ya ku khonsolo, yachisanu ndi chimodzi,
inabweretsa galimoto yazinyalala kawiri pamwezi.
Bambo Tukijan anati n'zochepa.
Sananame.

Tsiku losankha, Larasati anabisala kuseri kwa kabati.
Ndinavula chingwe chija, chakuda ndi thukuta langa,
ndinamuuza zomwe ndinkadziwa, zosakwana dzanja:
loko amalimba, uzikankha chitseko ndi bondo;
ndalama muziwerenga awiri;
obwera kudzabwereka chaja usawathamangitse.

Lero ku Surabaya, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi,
anthu makumi atatu amadikira siginecha yanga.
Msonkhano ukatentha, chala chikayamba kuyabwa
kufuna woti chimuloze,
dzanja limapita lokha pakhosi
kufufuza chingwe cha nsapato chomwe kulibe,
ndipo ndimayamba ndatsegula chikwama changa.